Fosholo ndi Satifiketi: Mbiri ya Anthu Athu pa Ntchito za Malasha, Magetsi ndi Gasi ku Joni

Abale ndi alongo a chinenero chimodzi, kaya muli ku Lilongwe, ku Chipata, ku Ulónguè, ku Harare kapena ku Joni komweko: tikamakamba za makolo athu amene anapita ku migodi ya ku South Africa, nthawi zambiri timangotchula golide. Komatu golide wa ku Johannesburg sankatuluka pansi ndi manja okha. Kuti chikepe chitsike kunsi kwa nthaka, kuti madzi apopedwe, kuti mpweya ufike kwa munthu woboola thanthwe ndiponso kuti miyala iphwanyidwe, pankafunika mphamvu yochuluka zedi. Mphamvuyo inkachokera ku malasha, kenaka ku magetsi, ndipo m'kupita kwa zaka panawonjezeka mafuta ndi gasi. Pambali pa mbiri ya golide pali mbiri ya ntchito zimenezi, ndipo anthu athu ali m'kati mwake kuyambira kale. Kodi munthu wa kwathu ankaloledwa kugwira ntchito iti, nanga ankakanizidwa iti, ndipo chinkamutsekera khomo n'chiyani? Yankho lake likukhudza mwana wa lero amene akuphunzira zamagetsi ku Soche, ku Ndola kapena ku Songo.

Mzinda wopanda mtsinje waukulu

Golide atapezeka pa famu ya Langlaagte m'chaka cha 1886, mzinda unamera pamalo a udzu okhaokha, opanda nkhalango yoti n'kuteramo nkhuni, opandanso mtsinje waukulu. Mwayi wa eni migodi unali wakuti malasha anapezeka pafupi, ku Boksburg, ndipo njanji yoyamba ya m'derali, imene inatsegulidwa mu 1890, inamangidwa makamaka kuti izinyamula malashawo. Pambuyo pake malasha abwino koposa anayamba kuchokera ku Witbank, kum'mawa kwa Johannesburg, kumene lero kumatchedwa eMalahleni, dzina lotanthauza malo a malasha.

M'chaka cha 1906 kunakhazikitsidwa kampani imene inadzatchuka ndi dzina lakuti Victoria Falls and Transvaal Power Company. Maganizo oyamba anali opanga magetsi pa mathithi a Zambezi ndi kuwakokera ku migodi ya ku Joni, koma mtunda unatalika ndipo mtengo wa nthambo unawawopsa. M'malo mwake anamanga nyumba zopangira magetsi ndi malasha ku Brakpan, ku Simmerpan, ku Rosherville ndi ku Vereeniging. Dzina la mathithi linatsala pa zikalata, koma loto lotenga mphamvu ya Zambezi silinafe. Tidzakumana nalonso kutsogoloku.

Pa 1 Malichi 1923 boma linakhazikitsa bungwe la Electricity Supply Commission, mwachidule Escom, ndipo wapampando woyamba anali Hendrik van der Bijl. Mu 1948 Escom inagula kampani ya Victoria Falls ija, ndipo kuyambira pamenepo inakula mpaka kukhala bungwe lopanga magetsi ambiri kuposa lina lililonse mu Africa. Dzina lakuti Eskom linabwera mu 1987. Likulu lake lakhala lili ku Johannesburg, poyamba pakati pa mzinda, kenaka ku Megawatt Park. Chimenechi tichisunge m'mutu: malasha ankakumbidwa kwina, madamu anamangidwa kwina, koma ndalama, mapulani ndi ulamuliro zinkakhala ku Joni.

Ulendo wa Wenela

Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene makolo athu ankangoti Wenela, linayamba ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anthu a ku Nyasaland amene analembedwa m'zaka zoyambazo anamwalira ambiri ndi chibayo, chifukwa cha kuzizira kwa dzikolo ndi kuthithikana m'makomboni. Imfazo zinachuluka kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, ndipo chiletsocho chinakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1930. Koma lamulo silinathetse msonkho wa nyumba, thangata ku Nyasaland kapena chibalo ku dziko la Apwitikizi. Amuna ankapitabe wapansi, kudzera ku Tete ndi ku Southern Rhodesia, kugwira maganyu m'mafamu kuti apeze kamba wa ulendo. Ena sanabwererenso, ndipo chinenero chathu chinawapatsa dzina lakuti matchona.

Migodi ya malasha ya ku Transvaal inkalandiranso antchito kudzera ku Wenela, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Mozambique. Ntchito ya munthu wakuda inali yodziwika: kutapa malasha ndi fosholo, kukankha ngolo, kuimika mitengo yochirikiza denga la mgodi, kusonkhezera ng'anjo, kuchotsa phulusa lotentha, kukumba maenje a mapolo ndi kunyamula nthambo. Ankabwera pa kontrakiti ya miyezi yowerengeka, ankagona m'komboni ya amuna okhaokha, ndipo gawo la malipiro ake ankakalandirira kwawo. Kontrakiti ikatha ankabwerera ndi bokosi, bulangete, mwina njinga kapena makina osokera. Chimene sankabwera nacho ndi pepala losonyeza luso limene anaphunzira. Munthu ankatha kugwira ntchito pambali pa mmisiri wamagetsi zaka khumi, n'kudziwa waya uliwonse, koma m'kaundula ankalembedwa ngati wantchito wamba.

Khomo lotsekedwa ndi lamulo

Zimenezi sizinangochitika zokha. Lamulo la Mines and Works Act la 1911 linapatsa boma mphamvu yogawa ziphaso za ntchito zaluso, ndipo malamulo ang'onoang'ono otuluka pansi pake anasungira azungu ntchito monga kuyendetsa injini, kuyang'anira ng'anjo ndi kuphulitsa miyala. Eni migodi, pofuna kuchepetsa ndalama zolipira, anayesa kulowetsa anthu akuda pa zina mwa ntchitozi. Zotsatira zake zinali sitalaka ya azungu ya mu 1922. Oyamba kunyanyala ntchito mu Januwale chaka chimenecho anali a m'migodi ya malasha, ndipo anatsatiridwa ndi a m'migodi ya golide ndi a m'nyumba zopangira magetsi. Pofika mu Malichi inali nkhondo yeniyeni m'misewu ya Johannesburg. Boma la Jan Smuts linatumiza asilikali ndi ndege, ndipo anthu oposa 150 anafa.

Azunguwo anagonja pa mfuti koma anapambana pa voti. Smuts anachoka pampando mu 1924, ndipo mu 1926 lamulo lija linakonzedwa kuti tsankho la pa ntchito likhazikike poyera. Lamulo lina la mu 1922, la Apprenticeship Act, linkafuna kuti wophunzira umisiri akhale atafika kalasi imene ana akuda ambiri sankaifika, chifukwa masukulu ake kunalibe. Mwanjira imeneyi khomo linatsekedwa ndi maloko awiri, la khungu ndi la sukulu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kwathu amisiri analipo. Ku Livingstonia, pansi pa utsogoleri wa Robert Laws, mishoni inali ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi cha m'ma 1905, ndipo sukulu yake inkaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu. Ophunzira a kumeneko anabalalika m'chigawo chonse cha kummwera kwa Africa, koma akawoloka Limpopo luso lawo linkathera pa ukalaliki kapena ukapitawo. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1920 likulu lake linasamukira ku Johannesburg. Bungwelo linakula msanga n'kugawikanso msanga, koma linaphunzitsa antchito akuda kuti malipiro ndi udindo ndi nkhani zoti n'kukambirana, osati zongolandira.

Mtengo wa magetsi otchipa

South Africa inkanyadira kuti magetsi ake ndi otsika mtengo. Amene analipira kutsika mtengoko timawapeza m'masiku atatu amene sitiyenera kuwaiwala.

Pa 21 Januwale 1960, mgodi wa malasha wa Coalbrook, pafupi ndi Sasolburg, unagumuka. Mgodiwo unkapereka malasha ku nyumba zopangira magetsi za Escom, ndipo pofuna kutulutsa ochuluka, zipilala za malasha zimene zimasiyidwa kuti zigwire denga zinali zitadyedwa mopitirira muyeso. Zizindikiro zinalipo, pakuti mbali ina inali itagwa kale masabata angapo m'mbuyomo. Anthu oposa 430 anatsekeredwa pansi, pafupifupi onse ochokera ku Basutoland ndi ku Mozambique, ndipo mitembo yawo ili komweko mpaka lero. Ngoziyi itachitika m'pamene akatswiri anafufuza mozama za kukula koyenera kwa chipilala, ndipo njira yowerengera imene Salamon ndi Munro anatulutsa mu 1967 yakhala ikugwiritsidwa ntchito m'migodi ya malasha kuyambira pamenepo. Nzeru imeneyi inagulidwa ndi miyoyo ya anthu amene sankaloledwa kuiphunzira.

Pa 6 Juni 1972, mpweya woyaka ndi fumbi la malasha zinaphulika mu mgodi wachiwiri wa ku Wankie, kumene lero ndi Hwange m'dziko la Zimbabwe. Anafa anthu 427, ndipo pakati pawo panali a ku Zambia, a ku Mozambique ndi a ku Malawi. Mgodiwo unali m'manja mwa kampani ya Anglo American, imene likulu lake linali pa 44 Main Street ku Johannesburg. Amene ali ndi achibale ku Hwange amalidziwa dzina lakuti Kamandama, kumene anthu amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira omwalirawo.

Tsiku lachitatu ndi 4 Epulo 1974. Ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4, imene inanyamula anthu obwerera kwawo ku Malawi, inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana. Anafa anthu 78, ndipo oposa 70 anali Amalawi. Chinagwetsa ndegeyo chinali mafuta: petulo wa ndege anali atasakanizika ndi mafuta a mtundu wa palafini a ndege za jeti, injini n'kutentha mopitirira. Aliyense wogwira ntchito pa depoti ya mafuta, kapena pa pampu, aone apa kuti palibe ntchito yaing'ono m'gawo limeneli. Ngoziyo itachitika, Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu ku Malawi. Pa nthawiyo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ndipo m'zaka ziwiri zokha pafupifupi onse anabwerera. Kulemba kunayambanso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene ife timati Theba, koma chiwerengero sichinafikenso pomwe chinali.

Mafuta a m'malasha ndi magetsi a Zambezi

South Africa ilibe zitsime za mafuta zokwanira, ndipo boma la tsankho linkadziwa kuti tsiku lina dziko lapansi lidzalitsekera mpopi. N'chifukwa chake mu 1950 linakhazikitsa kampani ya Sasol, kuti izisandutsa malasha kukhala petulo ndi dizilo potsatira njira ya Fischer-Tropsch yochokera ku Germany. Malasha amawotchedwa pamodzi ndi nthunzi ndi okosijeni mpaka asanduke gasi, ndipo gasiyo amamulumikizanso kukhala mafuta. Fakitale ya ku Sasolburg inayamba kutulutsa mafuta mu 1955. Maiko a Aluya atasiya kugulitsa mafuta ku South Africa mu 1973, ndiponso ufumu wa ku Iran utagwa mu 1979, boma linamanga mafakitale ena awiri akuluakulu ku Secunda, amene anayamba ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Omenyera ufulu ankadziwa kufunika kwa malowa, ndipo usiku wa pa 1 Juni 1980 asilikali a Umkhonto we Sizwe anaphulitsa matanki a mafuta ku Sasolburg.

M'zaka zomwezo loto la 1906 lija linakwaniritsidwa, osati pa mathithi a Victoria koma ku Tete. Mu 1969 Apwitikizi anapereka ntchito yomanga damu la Cahora Bassa ku gulu la makampani lotchedwa Zamco, limene linkatsogoleredwa ndi Anglo American. Anthu zikwizikwi anachotsedwa m'midzi yawo m'mbali mwa Zambezi, ndipo amuna a ku Tete anaboola mapiri a ku Songo pamene ntchito za uinjiniya zinali m'manja mwa alendo ochokera ku Ulaya ndi ku South Africa. Damulo limatha kupanga mamegawati 2,075. Magetsi ake amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kukatsikira pa siteshoni ya Apollo, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni nsanja zambiri za nthambozo zinagwetsedwa, ndipo magetsi anayambanso kuyenda bwino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mozambique inatenga gawo lalikulu la kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa kuchokera kwa Portugal mu 2007, patatha zaka 32 chilandirireni ufulu.

Maiko athu nawo sanangokhala. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa mokakamiza mu 1965, Zambia inasowa njira ya mafuta, ndipo mu 1968 inatsegula paipi ya TAZAMA, ya makilomita pafupifupi 1,700, kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, kumene fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inayamba mu 1973. ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970. Ku Malawi, Nkula A inayamba kupanga magetsi pa mtsinje wa Shire mu 1966, ndipo mu 1982 ku Dwangwa kunayamba kupangidwa ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, wosakaniza ndi petulo. M'mabungwe amenewa ndi m'mene mbadwo woyamba wa mainjiniya ndi amisiri a kwathu unakulira. Pamene ku Joni munthu wakuda sankaloledwa kusayinira ntchito yamagetsi, ku Kafue Gorge ndi ku Tedzani anzake anali atayamba kuyendetsa makina okha.

Khomo litseguka ife titachoka

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, tsankho linayamba kudzipweteka lokha. Escom inkamanga nyumba zamagetsi zikuluzikulu motsatizana, Sasol inkamanga Secunda, ndipo amisiri achizungu sankakwanira. Komiti ya Wiehahn inalangiza mu 1979 kuti mabungwe a antchito akuda avomerezedwe, ndipo lamulo la Manpower Training Act la 1981 linatsegulira mitundu yonse maphunziro a umisiri. Bungwe la National Union of Mineworkers linabadwa mu 1982, mlembi wake wamkulu ali Cyril Ramaphosa, ndipo mu Ogasiti 1987 linatsogolera sitalaka ya milungu itatu ya anthu pafupifupi 300,000 m'migodi ya golide ndi ya malasha. Cha m'nyengo yomweyo mawu osungira azungu ziphaso za m'migodi anachotsedwa m'lamulo.

Apa m'pamene mbiri inatichitira nkhanza. Mu 1988, chifukwa cha mkangano wa pakati pa maboma awiri pa nkhani yoyeza magazi a antchito kuti aone ngati ali ndi kachilombo ka HIV, kulemba Amalawi kudzera ku Theba kunatha, ndipo amene anatsala anabwezedwa kwawo. Khomo la satifiketi, limene makolo athu anaima panja pake zaka zoposa 70, linatseguka iwo akukwera basi yobwerera kumudzi. Ambiri anafika ndi chifuwa cha fumbi, ndipo nkhani ya ndalama zawo yakhala ikuzungulira m'maofesi kwa zaka zambiri. Bungwe la Tshiamiso Trust, limene linabadwa pa mgwirizano wa R5 biliyoni umene khoti linavomereza mu 2019, limalipira okhawo amene anadwala silicosis kapena chifuwa chachikulu m'migodi ina ya golide. A m'migodi ya malasha sali m'gulu limenelo, ndipo mlandu wawo wapadera unakalowa kukhoti mu 2023.

Ufulu wa 1994 unasintha zambiri. Nyumba yamagetsi ya Orlando, imene inaima pakati pa Soweto kuyambira m'zaka za m'ma 1940, inkawalitsa Johannesburg pamene nyumba zambiri zoizungulira zinkayatsa makandulo ndi mbaula mpaka m'ma 1980. Boma latsopano linalumikiza nyumba mamiliyoni ku magetsi, ndipo mu 2000 Thulani Gcabashe anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera ntchito za Eskom. Koma chenjezo la m'chikalata cha boma cha 1998, lakuti magetsi adzaperewera pofika cha m'ma 2007, silinamveredwe msanga. Kuzimazima kunayamba kumapeto kwa 2007, ndipo pomanga Medupi ndi Kusile mochedwa, dzikolo linapezeka kuti lilibe amisiri okwanira, moti ena owotcherera zitsulo anachita kuwaitanitsa kunja. Dziko limene linakana kuphunzitsa anthu ake ambiri linadzakolola zimene linafesa.

Gasi wa ku Inhambane, malasha a ku Moatize

Gasi amene amaphikira m'nyumba zina za ku Johannesburg lero amachokera ku Mozambique. Kale mzindawu unkapanga gasi wake kuchokera ku malasha pa fakitale ya ku Cottesloe. Gasi wa pansi pa nthaka anapezeka ku Pande mu 1961, koma anadikira mpaka nkhondo zitatha. Mu 2004 Sasol inayamba kumutumiza kudzera m'paipi ya makilomita 865 kuchokera ku Temane kufika ku Secunda, ndipo kuchokera kumeneko amagawidwa m'mafakitale a ku Gauteng ndi kwa kampani ya Egoli Gas. Kumpoto, m'nyanja ya ku Cabo Delgado, kunapezeka gasi wochuluka kuyambira mu 2010. Ntchito yaikulu ya kampani ya Total inaimitsidwa mu 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma, koma chombo cha Coral Sul chinatumiza gasi woyamba kunja mu Novembala 2022.

Ku Moatize, kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba malasha mu 2011, itasamutsa mabanja oposa 1,000, ambiri kupita ku Cateme, kumene anthu anatseka njanji mu Januwale 2012 podandaula za nyumba ndi minda. Kampaniyo inamanga njanji yodutsa m'Malawi, kudzera ku Nkaya, ku Liwonde ndi ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala, ndipo mu 2022 inagulitsa zonse kwa kampani ya Vulcan. Anthu a ku Tete, ku Mwanza ndi ku Balaka anaona zimene makolo awo anaona: nthawi yomanga ntchito zimachuluka, koma zikatha amatsala ochepa, ndipo otsalawo ndi amene ali ndi mapepala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ku Joni? Anthu athu amapitabe, tsopano pa basi ya pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, popanda Wenela wowalandira. Popeza ku South Africa woyendetsa galimoto sadzithirira yekha petulo, pa mapampu pali ntchito, ndipo ena mwa athu ali pomwepo. Ena amakwera pamadenga kuika masola, ntchito imene inakula chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Ena ndi othandizira amisiri m'makampani ang'onoang'ono. Alipo mainjiniya ndi akatswiri a zachuma a kwathu m'maofesi a ku Sandton, koma ndi ochepa poyerekeza ndi khamu la ogwira ntchito popanda chilolezo, amene akavulala alibe kolowera, ndipo chipwirikiti chikabuka, monga chija chinayambira ku Alexandra mu Meyi 2008 n'kupha anthu 62, amakhala oyamba kuthawa.

Zimene mbiriyi ikutiuza

Choyamba, loko wa khungu anathyoledwa koma wa pepala alipobe, ndipo ameneyu ali ndi kiyi. Wophunzira ku Soche, ku Nasawa, ku Salima kapena ku NORTEC ku Ndola asalekere panjira. Amalize mayeso a umisiri ndipo asunge umboni wolembedwa wa ntchito iliyonse imene wagwira. Amene akufuna kukagwira ntchito ku South Africa adziwe kuti satifiketi ya kwawo imayamba yaunikidwa ndi bungwe la SAQA, kuti injiniya amalembetsa ku Engineering Council of South Africa, ndipo kuti mmisiri amayesedwa mayeso a ntchito yake, amene amapereka chiphaso chotchedwa Red Seal. Malo otchuka a boma oyeserako mayesowa, a INDLELA, ali ku Olifantsfontein, kufupi ndi siteshoni ya Apollo kumene magetsi a ku Songo amatsikira. Ndipo wina akakuuzani kuti mulipire ndalama kuti akupezereni ntchito ku Eskom kapena ku Sasol, funsani kaye. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, mtundu wa mphamvu umasintha koma luso limasamuka nawo. Nyumba yamagetsi ya Komati, ya malasha, inazimitsidwa mu Okutobala 2022, ndipo ku msonkhano wa ku Glasgow mu 2021 maiko olemera analonjeza South Africa ndalama zokwana $8.5 biliyoni zothandizira kuchoka pa malasha. Indeni inasiya kuyenga mafuta. Ku Salima kuli munda wa masola wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021, ndipo ku Golomoti kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire. Wowotcherera mapaipi, wokonza mapampu, wamagetsi ndi woyang'anira chitetezo cha pa ntchito amafunika m'malo onsewa. Mwana amene tikumusankhira maphunziro lero tisamumangirire ku kampani imodzi kapena ku mtundu umodzi wa mafuta.

Chachitatu, Joni si khomo lokhalo. Kuyambira mu 1995 maiko a chigawo chino amagulitsana magetsi kudzera mu Southern African Power Pool, imene ofesi yake ili ku Harare. Ku Zambia kuli Kafue Gorge Regional Training Centre, yophunzitsa anthu a maiko ambiri za magetsi a madzi. Ku Songo ndi ku Tete kuli masukulu a ukachenjede a zaumisiri, ku Blantyre kuli MUBAS, ku Kitwe kuli Copperbelt University. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, Malawi inataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense anaona kuti dziko lopanda amisiri ake limakhala mu mdima kudikira alendo. Munthu wolankhula Chinyanja ali ndi mwayi umene ena alibe, pakuti chinenero chake chimamveka ku Matambo, ku Phombeya ndi ku Chipata, ndipo akawonjezapo Chingerezi ndi Chipwitikizi angathe kugwira ntchito mbali zonse za malire.

Pomaliza, pali ntchito imene ili m'manja mwathu tonse. M'mabokosi a m'midzi yathu mudakali zitupa za Theba, manambala a mgodi ndi zithunzi za m'komboni, ndipo madala ena amene anatsika pansi ku Witbank, ku Hwange kapena ku Moatize adakali moyo. Tiwafunse dzina la mgodi, chaka chimene anapita, ntchito imene ankagwira ndi imene ankaidziwa koma osaloledwa kuigwira. Tilembe zimenezo m'chinenero chathu. Mapepalawo angathandize banja kupeza chipukutamisozi, ndipo nkhanizo zidzathandiza mdzukulu amene akulowa m'kalasi ya zamagetsi kudziwa kuti satifiketi imene akuifuna ndi yomwe agogo ake anakanizidwa.